Chigoba cha Giyabokosi pa Khombedza

"Dikirani chifiire kaye, bwana," anatero Mose, makaniko wa pa Khombedza, akulozetsa moto wa gasi pamng'alu. "Ine ndawotcherera sitima ku Beira, mathiraki ku Joni. Kachigoba ka giyabokosi n'kachiyani?"

A Mkwapatira, ogulitsa nsomba, anasuzumira pamng'alupo. Chichokereni m'mawa, pamene mwala unang'amba chigobacho pamsewu wochokera kunyanja, amakaniko atatu anali atawakana, ati aluminiyamu sawotcherereka ngati chitsulo. Kumbuyo kwa pikapu yawo ayisi ankadontha, ndipo chambo chopita ku Lilongwe chinali chitayamba kufewa.

"Mose, sichinapse chimenecho?"

"Chitsulo chikapsa chimafiira. Mukuona kufiira apa?"

Sichinafiire. Chinangonyezimira, kenaka mbali yonse inagwera m'kati ngati phala. Pamene panali mng'alu wongolowa chikhadabo panatsala dzenje lolowa chibakera.

Mose anazimitsa gasi n'kuyamba kukanda m'mutu. A Mkwapatira anangokhala pa tayala lakutha, mphamvu zokalipira analibe.

Apo anatulukira a Jafali, amene amasungunula zidutswa n'kuumba mapoto kuseri kwa galaja ya Mose.

"Aluminiyamu safiira, achimwene, amangosungunuka osatsanzika," anatero akugogoda chigobacho ndi kamtengo. "Komatu ndi wabwino uyu. Mukandisiyira, dzuwa lisanapendeke atuluka mapoto atatu. Lalikululo likhala lanu."

"Poto ndichite nalo chiyani ine?" anafunsa a Mkwapatira motopa.

A Jafali ananunkhiza kamphepo kochokera ku pikapu.

"Nsombazo n'zofunika kuphika lero lomwe."