Mpando wa Aphunzitsi

"Tsogolani, bambo a Chancy. Inu ndinu mphunzitsi, akakumverani," anatero Faness akukankhira mwamuna wake, Isaki, kumsika wa Nsaru.

Chitsekereni sukulu chifukwa cha mliri wa kolona, ana onse anathera m'kashopu ka Mathias, momwe ankasewera magemu a mpira pa kanema. Malonda a anzake anali atalowa pansi, koma Mathias anachita kuwonjezera makanema ena awiri. Faness anali atamva kuti mwana wawo, Chancy, naye sachokamo, ndipo ankafuna kuti malowo atsekedwe tsiku lomwelo.

"Bwanji tidzapite mawa?" anatero Isaki, thukuta lili kamukamu.

"Mawa? Mpaka mwana atibweretsere matenda m'nyumba?"

Analowa. Ana anali thithithi, popanda ndi mmodzi yemwe wovala masiki. Chancy anali phee pampando wakutsogolo, manja ali pamiyendo. Isaki asanatsegule pakamwa, Mathias anamuthamangira akumwetulira.

"Aphunzitsi, lero ndiye mwalawiratu! Iwe Chancy, dzuka, eni mpando afika. Ndikuikireni timu yanu yomwe ija, eti?"

Isaki anangoti zyoli ndi manyazi. Nawonso ana ake a sukulu anali akuseka chamumtima. Faness anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, kenaka anatembenukira kwa mwana.

"Nanga iwe, masiku onsewa umadzatani muno?"

"Ine sindisewera, amayi," anayankha Chancy misozi ili lengelenge. "Adadi amandituma kuti ndizidzawasungira mpando."