Lamulo Lotsala m'Chikompyuta cha Padamu

"Lumikizani basi, achemwali, nthawi ikutha," anatero bwana wa padamu.

Mayi wokonza makompyuta uja anazengereza. Chikompyuta chakale chotsegula zipata za madzi chinali duu chiferereni sikirini yake, ndipo chinenero chake laputopu ya mayiyo sinkachimva. Anaika kabokosi komasulira pakati, n'kulowetsa chingwe pabowo la laputopuyo.

Timagetsi tinayamba kuphethira.

"Zamvana!" bwana anawomba m'manja.

Mayiyo sanaseke. "Bwana, chimadikira yankho pa lamulo linalake lakale, ndiye kabokosika kavomera. Munachiuza chiyani?"

Bwana anayankha: "Tinkangoyesa kutsegula zipata zonse, sikirini n'kufa tisanavomereze. Chinali chaka cha chilala, madzi munalibe."

Pansi panayamba kunjenjemera. Damu linali lodzaza thoo, ndipo kumunsi ana anali akusambira.