Moni Pawindo la Chipatala

Chithetsereni mizere pachipatala, wodwala amanena vuto lake ndi mpweya umodzi, kenako windo limadzitseka lokha mpaka mwezi wamawa.

Nasibeko ankaphunzitsa amuna ake uku akusenda chinangwa.

"Bambo a Tiyese, mukangoti, 'Ndikutsokomola magazi.' Moni ayi."

"Ndifike pamaso pa munthu ngati mbuzi?"

"Mbuzi zili moyo."

Tsiku lopita kuchipatala, windo litatseguka, Nasibeko anamuzindikira namwino amene anali pawindopo. Anali mwana wa a Chadza, omwe anaikidwa m'manda posachedwa. Nasibeko anawatsina amuna ake pamkono, koma iwo anali atavula kale chipewa.

"Pepani ndi zovuta zija, mayi."

Windo linatseka.

Pobwerera ankapumira pamtengo uliwonse.

"Mwana uja ngwaulemu," anatero bambowo akupukuta magazi pakamwa. "Unaona? Amafuna kuyankha."