Mkazi wa M'zithunzi za Hotela

Collins ankamanga nawo hotela yatsopano kunyanja, ndipo Loweruka lililonse ankatumizira mkazi wake Anastazia zithunzi: maziko, zipupa, kenako denga. M'chithunzi chilichonse munali mkazi wamtali ataima kumbuyo kwake. M'chomalizacho anali atamugwira paphewa.

Nsanje inamudya Anastazia. Mdima utangogwa, anakwera kachitunda ka ku Kabwazi komwe netiweki imagwira, n'kuimbira foni mwamuna wakeyo.

"Bambo a Tamanda, mkazi wakugwiraniyu ndani?"

"Mkazi uti? Kuno tilipo amuna okhaokha."

Foni inaduka. Potsika, njira yomwe ankayenda tsiku lililonse inali mchenga wonyowa wokhawokha, ndipo m'munda wa chimanga munkamveka mafunde. Munthu anamuyankhula pakhutu penipeni, mpweya wake uli wozizira.

"Bwanji osandifunsa ineyo, mkazi mnzanga?"