Sutukesi ya Consolata

Ezelina anasenza sutukesi kuchokera ku esiteti mpaka pa siteji ya Chamama osatula ngakhale kamodzi. Bambo ake, a Aloysius, anamupempha kawiri kuti amulandire, iye n'kukana. Sutukesi yatsopano ngati imeneyo aigwire ndi manja a utomoni wa fodya? Inali yofiira, yamatayala, yokhoma ndi loko. Anaibweretsa dzulo lake ndi a Benjamin Kachala, akapitawo a pa esiteti, n'kunena kuti akazi awo alongedzamo zonse zofunika kuyunivesite ndipo kiyi abwera naye okha. Zovala zake zakale Ezelina anangoziponya m'jumbo.

Anaitula pamwala, n'kuyamba kusuzumira kumsewu. Matola anali asanafike, a Benjamin nawonso osaoneka. Mtima wake unali m'mwamba, chifukwa mapepala onse anali ndi iwowo.

Makolo a Ezelina anathawa nkhondo ku Angonia, m'dziko la Mozambiki. Anzawo atabwerera kwawo, iwo anatsala, n'kumangosamuka esiteti iyi, esiteti iyo, kulima fodya wa eni ngati matenanti. Ezelina anabadwira kuseri kwa chigafa. Chichewa chake chinali cha pa Kasungu pomwepa, koma mudzi analibe. Chaka ndi chaka makuponi a feteleza akabwera, maina ankaitanidwa mudzi ndi mudzi, a Aloysius ali zyoli m'munda. Munthu wopanda mudzi angamulembe ndani? Nawo mafomu a mayeso safunsa nzeru. Amafunsa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lochokera. Mizere itatu basi, koma inamuliza Ezelina ali Sitandade 8.

Anamupukuta misozi ndi a Benjamin.

"Zazing'ono izi," anatero kwa a Aloysius. "Consolata wanga anatengedwa ndi azakhali ake ku Lilongwe, dzina lake langokhala m'kaundula wa sukulu. Mwanayu alembere pomwepo. Mudzi ndi wathu, mfumu ndi yathu."

Kuyambira pamenepo, kunyumba anali Ezelina, kusukulu Consolata Kachala. Masiku oyamba aphunzitsi ankaitana katatu iye ali duu, mpaka anzake kumamuyesa gonthi. Koma dzina lachilendo lili ngati nsapato ya pakaunjika, imaluma sabata imodzi kenako n'kukuzolowera. Analemba nalo mayeso a Fomu 2, analemba nalo a Fomu 4, n'kukhoza koti sukulu yonse inachita kumunyamula m'mwamba. Tsiku limene wailesi inawerenga maina a osankhidwa kupita kuyunivesite, iye anali m'chigafa akusankha fodya. Atamva "Consolata Kachala, Kasungu," anataya masamba n'kulira ngati wafedwa, matenanti anzawo akululuta.

Chinatsala chimodzi: kalata ya mfumu yaikulu yotsimikiza kuti mwanayo ndi wa ku Kasungudi. Popanda kalatayo, ankati, amakubwezera pageti. A Benjamin anati asavutike. Anatenga satifiketi ndi kalata yomuitana kuyunivesite kuti akadinditse okha, n'kulonjeza kuti akumana pa siteji. Anthu abwino alipo padziko pano, ndipo Ezelina ankawakonda bamboyo ngati atsibweni ake enieni.

Amene ankamusowetsa mtendere anali bambo ake. Chichokereni kunyumba anali asanamuyang'ane kumaso. Anakhala pamuzu wa mtengo, akupotokola chipewa m'manja.

"Atate, mwangoti ndwii bwanji? Kuyunivesite si kumanda ayi."

"Palibe kanthu, mwanawe."

"Zaka zinayi zokha. Ndikadzamaliza ndidzakupezerani malo anuanu, mudzalime chimanga chanu. Zomasamukasamuka ngati nkhuku yogulitsidwa zidzatha."

A Aloysius anapitiriza kupotokola chipewa chija. Ezelina anawamvera chisoni. Kusiyana ndi mwana n'kopweteka, ndipo amuna akulu amaopa kulira pagulu.

Fumbi linatulukira kaye, kenako lole yaing'ono ya matola, anthu atapanikizana kumbuyo pamodzi ndi matumba a mtedza. Isanaimitsitse, a Benjamin anatsika kutsogolo, jekete lawo la kutchalitchi lili pathupi, envulopu yakhaki ili m'mwamba.

"Zatheka! Chidindo chili pamenepa, palibe angatsutse."

Ezelina anagwada m'fumbi momwemo.

"Zikomo, a Kachala. Ndilibe mawu. Mulungu yekha ndiye akudalitseni."

"Dzuka, dzuka. Iwe ndiwe wagwira ntchito. Sutukesi ija yafika bwino?"

"Sinakhudze pansi."

"Ndiwe mwana wabwino."

Kondakitala anaikweza pamwamba pa matumba n'kuimanga ndi mphira. Dalaivala analiza hutala. Ezelina anakoleka jumbo lake pamkono, n'kutembenuka komaliza kuyang'ana kumene anachokera: minda yosadzulidwa, zigafa zopanda kanthu, tinyumba taudzu ta matenanti tili ndanda. Sanamve chisoni ngakhale pang'ono. Anamva ngati mbuzi imene aimasula chingwe.

Anaponda tayala kuti akwere. Dzanja lokhakhala linamugwira pamkono, mwamphamvu ndithu.

"Atate, ndisiyeni, galimoto ikunyamuka!"

Dzanjalo silinamasuke. A Benjamin anali atazungulira kutsogolo. Analowetsa envulopu ndi kiyi pazenera, m'manja mwa mtsikana wovala magalasi amene anakhala pafupi ndi dalaivala.

"Usataye izi, Consolata mwana wanga. Ukayende bwino."

Galimoto itanyamuka, a Aloysius anayankhula maso ali pansi. "Anandiuza sabata yatha, mwanawe. Dzina ndi lawo, nyumba tigonamo ndi yawo. Ndikanakana ndi pakamwa pati?"