Timadisiki Titatu ta Tionenji

"Chinthu chaulere usachilowetse m'nyumba," anatero ambuya Keziah. "Nyambo nayo ni yaulere. Kafunse nsomba."

Mdzukulu wawo Tionenji sanacheuke n'komwe. Anali atagwada pasimenti, atagwira mawaya, pamene Simataa, wokonza makompyuta wa mumsewu wa Mosi-oa-Tunya, ankatsegula mimba ya makinawo.

Kompyutayo inali nkhalamba, yotayidwa ndi loji ina yogona alendo ya ku Nakatindi. Lamlungu mvula ikugwa, magetsi anathima n'kuyaka katatu, chinthucho chinalira kuti kete kete m'kati, kenako zii. M'menemo munali lipoti la Tionenji lomalizira maphunziro a uphunzitsi, masamba makumi asanu ndi atatu, thukuta la miyezi isanu. Likapanda kufika kukoleji Lachisanu, ndiye kudikira chaka china. Ndipo chaka chinacho chinali 2000, chimene a pawailesi ankati makompyuta onse adzapenga. Ambuya anamva zimenezo ndi makutu awo, ndipo sanaziiwale.

Simataa anati disiki yaikulu ya m'kati yapsa, wabweretsa ina yopanda kanthu. Pulogalamu yoyendetsa makina inapita ndi yopsayo, ndipo yogula panalibe woikwanitsa. Anatulutsa kambale konyezimira, pachikuto pali mbalame yonenepa, yokhala pansi ngati munthu wokhuta.

"Iyi ni Linux, ambuya. Anthu amangopatsana, monga mitengo ya chinangwa."

"Anaipanga ndani?"

"Anthu ambiri, a maiko osiyanasiyana."

"Ndiye ikalakwa tikagogoda pakhomo pa ndani?"

Simataa anaseka. Ambuya sanaseke. Munthu amene anaika m'manda mwamuna ndi ana awiri saseka zinthu zopanda mwini.

Koma Tionenji mtima unali m'malo. Milungu iwiri yapitayo, atamaliza kulemba, anakopera lipoti lonse patimadisiki titatu takuda, n'kuwapatsa ambuya kuti asunge. M'dera lawo lonse la Malota anthu ankadziwa kuti chimene chalowa m'manja mwa ambuya Keziah, khoswe sachiona, dzuwa silichiona, mwana sachikhudza.

Ntchitoyo inadya masiku atatu. Kutentha kwa Novembala kunkakhala pamalata ngati mlendo wosatsanzika. Pagalasi la kompyuta pankangoyenda timalemba toyera pamdima, mzere pambuyo pa mzere, ngati linthumbu. Chinthucho chinkafunsa mafunso, Simataa n'kuyankha, icho n'kukana, iye n'kuyambiranso. Tionenji maso anafiira. Ambuya anakhala pakona ndi zosoka zawo, diso limodzi pansalu, lina pa mbalame ija. Mitambo ikangoda pang'ono, ankadzuka kukaphimba galasi la pakhoma ndi chitenje, kuopa mphenzi.

Lachitatu masana makinawo anadzuka.

"Yayaka!" anatero Simataa. "Bweretsani madisiki aja."

Ambuya analowa kuchipinda, n'kutseka chitseko kuti pasakhale woona posungira, ndipo anatuluka ndi timadisiki tija m'manja awiri ngati mazira.

"Ndanena kale," anatero. "Musadzati sindinanene."

Koyamba kanalowa. Makina anakukuta mano, kagetsi kobiriwira kanaphethira, kenako palibe. Kachiwiri chimodzimodzi. Pa kachitatu Tionenji anatseka maso, milomo ikuyenda. Atatsegula, Simataa anali atagwira mutu.

"Mulibe kanthu. Tonse titatu."

"Chadya!" Ambuya anawomba m'manja kamodzi. "Chimbalame chako chadya mapepala a mwana! Sukuona mimbayo?"

"Ambuya, pulogalamu siingafafanize chinthu poŵerenga chabe." Simataa anasolola kadisiki kake m'thumba la shati, n'kukaloŵetsa. Mayina a zolemba zake anandandalika pagalasi, bwinobwino.

"Galu saluma mwini wake," anatero ambuya.

Tionenji anatsamira khoma n'kutsetsereka mpaka pansi. Sanalire. Anayang'ana kalendala, n'kuŵerenga ndi chala masiku aŵiri otsalawo, ngati angachuluke. Zolemba zake za pamanja anaziyatsira mbaula kalekale, poti zonse zinali m'makina.

"Chaka chamawa basi," anatero motsitsa.

Ambuya chinawalasa mumtima, koma pakamwa sipanatseke. Anayamba ndi chinthu chaulere, anadutsa pa achinyamata osamva, anafika mpaka pa anthu olowa m'nyumba za eni ndi timbale tosadziwika kochokera. Mawu a akulu amakoma akagonera, anatero, ndipo awa sanagonere n'komwe. Simataa anangolongedza zitsulo zake ngati munthu wogwidwa ndi nkhuku ya mnzake.

Atafika pakhomo anaima, nsapato imodzi ili m'manja.

"Ba Tionenji, ine chimodzi chabe chikundivuta. Kamodzi kufa, zimachitika. Koma titatu pamodzi, sindinaonepo. Pokhapo ngati tinagona pa maginito, monga chitsulo chija chokhala kumbuyo kwa sipika ya wailesi. Chimenecho chimapukuta zonse."

"Ayi," anayankha Tionenji, osadzutsa mutu. "Anasunga ni ambuya. Ambuya salakwitsa kusunga."

Ambuya Keziah anadzuka. Analowa kuchipinda, anakoka chitini chawo chosokera pansi pa bedi, n'kuchitsegula pang'onopang'ono. M'katimo, pansi penipeni, munali chitsulo chakuda chobulungira chimene anachotsa m'wailesi ya malemu amuna awo, choti chizigwira singano kuopa kuti ana angaziponde. Milungu iwiri yathunthu chinagwiranso timadisiki tija, mwamphamvu ndithu, moti tsiku loyambalo ambuya anathokoza Mulungu kuti sitingagwe.