Mazira a M'mankhusu

Shefali anatenga dzira m'bokosi n'kuligunditsa pachikope. Linali lofunda bwino. Analitembenuza kuti kamzere kamene analemba ndi khala kayang'ane pansi, n'kutenga lina.

Bokosilo analikhoma okha apongozi ake, mayi Jobeda: matabwa a bedi lakale, mankhusu a mpunga m'mbali, mchenga pakati, nyali ya parafini pansi. Analikhoma maliro a Tuhin atangotha, khanda la Shefali limene linapita ndi chibayo m'nyengo yozizira. Mwamuna wake, Mokbul, anali atabwerera kale kuntchito youmba njerwa kufupi ndi mzinda wa Dhaka.

"Wagona mokwanira, iwe," anatero mayi Jobeda tsikulo, akumuvundukula chofunda. "Nkhuku zangazi n'zaulesi ngati iwe, sizifuna kufungatira. Uziwatembenuza mazirawa. Nyali ikazima, usadzandiyang'ane kumaso."

Iwe. Kale ankamuitana kuti make Tuhin. Shefali sanafune womuuza chimene chinali mumtima mwa apongozi akewo: mkazi wanji wolephera kufunditsa mwana mmodzi yekha?

Choncho anadzipereka kubokosi. Ankadyera mpunga wake pomwepo, maso ali pa lawi. Kamphepo kakalowa, ankatseka mipata ndi nsanza. Khwangwala akatera patsindwi la malata, mtima unkamudumpha.

Koma m'mawa wina wa nkhungu anadzidzimuka atatsamira khoma. Nyali inali itazima. Anagunditsa dzira pachikope. Kuzizira kumeneko ankakudziwa. Anakumvapo pachipumi cha Tuhin. Anayatsanso nyali, osauza munthu.

Masana ake mayi Jobeda anadutsa, n'kutola dzira limodzi, kuligunditsa pachikope chawo, kulibwezera. Kenako anapitirira kuntchito zawo.

Sabata yachitatu inatha. M'bokosi munali zii. Shefali ankaika khutu pathabwa mpaka khosi kuwawa. Anasiya kudya.

Tsiku la msika mayi Jobeda anabwerako ndi dengu lovundikira ndi masamba a nthochi.

"Ukununkha parafini ngati woyendetsa boti," anatero. "Pita kudziwe ukasambe. Utenge zovala zonsezi ukachape, ndipo usandibweretsere za thovu ngati dzana."

"Nanga nyali, amayi?"

"Ndinayamba kuyatsa nyali mayi ako asanamere mano. Pita!"

Dzuwa linali litapendeka pamene Shefali ankabwerera, zovala zili paphewa. Ali pampanda anamva kaphokoso. Anaima. Zovala zinagwera m'dothi.

M'bokosi munali anapiye, achikasu, ouma bwino, akupondana pamchenga.

"Aswa uli kosamba," anatero mayi Jobeda, akusenda anyezi osadzutsa mutu. "Anadikira kuti uchoke, atopa nako kusuzumira kwako. Zigoba za mazira ndataya kale, zimaitana nyerere."

Shefali anagwada. Kamwanapiye kamodzi kanakwera pachikhatho chake, kofunda, kamtima kakugunda pazala. Ndiye kuti sanawaphe. Ndiye kuti chinthu chikhoza kuzizira m'manja mwake n'kukhalabe ndi moyo. Analira kulira kumene kunamukanika tsiku la maliro, ndipo apongozi ake anangomuleka.

"Basi tsopano, make Tuhin," anatero pamapeto pake, mawu ali pansi. "Manja ako alibe mlandu. Idya, kenako uwapatse madzi anawa."

Madzulo amenewo anamaliza mbale yonse ya mpunga ndi mphodza. Anayamba kuganiza zimene akamuuze Mokbul pafoni.

Kutacha anawola phulusa kukhitchini. Mayi Jobeda anali atamuuza kuti azilitaya kumunda wa maungu, koma kumeneko kunali matope, choncho anazungulira kuseri, patsinde pa nthochi. Galu wa anansi anali atafukulapo usiku.

M'kadzenjemo munali mazira, osukusa, osaswa ndi limodzi lomwe, lililonse ndi kamzere kake ka khala. Shefali anawakwirira ndi phulusa, n'kupondapo bwinobwino kuti apongozi ake asadzadziwe kuti wawaona.